Drill yakale ya magetsi ikayamba kuvuta: fufuzani kuchokera ku pulagi mpaka ku biti

Drill zakale zachingwe zimene anthu amandibweretsera akunena kuti zapsa, kawirikawiri sizikhala zitapsa ayi. Ndikazitsegula ndimapeza makaboni (tizidutswa takuda todutsitsa magetsi mkati mwa mota) atatha, kapena waya ataduka mkati mwa chingwe pafupi ndi chogwirira, kapena fumbi litatseka timabowo topumira. Mavuto atatu amenewa ndi amene amabwerabwera, ndipo onse munthu wofatsa angathe kuwakonza yekha. Koma alipo ena ochepa amene simuyenera kuchita nawo masewera. Ndawatchula pamene akuyenera.

Kudziwa njira imene magetsi amadutsa kumathandiza kwambiri. Amalowa pa pulagi, amayenda m'chingwe, amafika pa swichi, amadutsa m'makoyilo osazungulira a m'mbali mwa mota, kenako amalowa mu armature, mbali ya mota imene imazungulira, kudzera pa makaboni awiri amene amakhudza commutator, kaja kamkombero kamkuwa kogawika timizeremizere. Zonsezi zili pa mzere umodzi. Pakaduka pamalo amodzi okha, drill yonse imangoti zii. N'chifukwa chake pofufuza timayambira kukhoma n'kumalowera mkati, osati kuthamangira kumasula mota.

## Musanagwire sikuludiraiva

- Zulani pulagi pa soketi. Kuchotsa chala pa swichi sikuzimitsa magetsi mkati mwa chogwirira.
- Werengani kachikwangwani ka pa drill. Ngati palembedwa 110–120 V, musailumikize ku magetsi a 220–240 V, ipsa nthawi yomweyo.
- Onani ngati pali chizindikiro cha kabokosi kokhala mkati mwa kabokosi kanzake. Chimatanthauza kuti drill ili ndi zotchinga magetsi ziwiri ndipo safuna waya wa earth, umene umachotsa magetsi akatayikira pa thupi la drill. Yachitsulo yopanda chizindikirochi imafunika earth nthawi zonse.
- Mukangotsegula, jambulani chithunzi ndi foni musanasunthe waya ngakhale mmodzi. Potseka mudzachifuna.

## 1. Mukadina swichi, palibe chikuchitika

Soketi kapena chingwe chowonjezera. Lumikizani nyale kapena chipangizo china pamalo omwewo. Zikumveka zazing'ono, koma ndaonapo drill yabwinobwino itamasulidwa yonse pamene vuto linali soketi.

Pulagi ndi fyuzi. Ngati pulagi yanu ndi yotsegulika, onani ngati mawaya akadali omangika bwino pa timasikuluwu take. Ngati ili ndi fyuzi, iyezeni ndi multimeter (mita yoyezera magetsi, imene imalira njira ya magetsi ikakhala yosaduka), ndipo ikakhala yopsa ikani ina ya nambala yomweyo. Musakulunge waya kapena pepala la siliva m'malo mwa fyuzi. Yatsopanoyo ikapsanso mukangodina swichi, lekani, pali mawaya amene akugundana mkati.

Chingwe chaduka mkati. Ili ndiye vuto lalikulu la drill zakale. Chingwe chimapindika malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, pamene chimalowera m'chogwirira, ndipo timawaya tamkuwa timaduka kamodzikamodzi khungu lakunja lili bwinobwino. Ikani multimeter pa phini ya pulagi ndi pa mapeto a waya yemweyo pa swichi, kenako pindani chingwe uku ndi uku. Mita ikamalira n'kumasiya, mwapeza. Dulani masentimita 10 kapena 15 pamalo ofookawo, sendani bwino, mulumikizenso, ndipo musaiwale kubwezeretsa kachitsulo kopana chingwe ndi kachubu kamphira kamene kamateteza popindikapo. Chingwe chikakhala cholimba ngati nthambi youma kapena chong'aluka, sinthani chonse.

Makaboni atha. Werengani gawo 2.

Swichi yafa. Mukaona kuti chingwe ndi makaboni zili bwino, yezani swichi: mutadina mpaka kumapeto, mita isonyeze kuti magetsi angathe kudutsa. Onaninso kachosinthira kopita kutsogolo ndi kumbuyo. Pa drill zina kakaima pakati kamatseka swichi, ndipo kakadzaza fumbi kamalephera kufika mbali imene mwakakankhira.

Koyilo yaduka. Izi zimachitika mwa apo ndi apo. Zonse za pamwambazi zikakhala bwino koma mita ikusonyeza kuti koyilo ya m'mbali yaduka, ntchito yake ndi ya mmisiri wokulunga mota.

## 2. Ikuyaka n'kumazima, kapena imayaka mukaigogoda

Ikamazima mukasuntha chingwe, ndi chingwecho, bwererani pamwambapa. Koma ikamafuna kuti muimenye ndi chikhatho kapena muzungulitse chuck, mutu wopana biti, ndi dzanja kuti iyambe, pafupifupi nthawi zonse ndi makaboni.

Makaboni anapangidwa kuti azitha. Ndi ofewa dala, kuti aziperepeseka iwo m'malo mwa mkuwa wa commutator. Kumbuyo kwa kaboni iliyonse kuli kasipuling'i kamene kamaikankhira pa mkuwa. Kaboni ikafupika, kasipuling'i kamatha mphamvu, ndipo kaboni imangokhudza pang'onopang'ono. Mukaimenya drill, kaboni imatsikira pa mkuwa kwa kanthawi, n'chifukwa chake imayaka. Musazolowere kuimenya, chifukwa kaboni yongokhudza pang'ono imathetheka moto, ndipo motowo ndi umene umadya commutator. Makaboni ndi kanthu kakang'ono, armature ndiye theka la drill.

Pa drill zina makaboni amatuluka mukamasula tizivindikiro tiwiri takuda tam'mbali. Pa zina muyenera kutsegula thupi lonse. Mukawatulutsa onani izi:

- Utali. Ikatsala pafupifupi mamilimita 5 kapena 6, kapena yafika pa kamzere kamene ena amajambulapo, yatha.
- Makaboni ena ali ndi kamsomali kobisika mkati kamene kamatumphukira kunja akatha, n'kuimitsa mota dala. Mukaona kanthu kotere kunsonga, sikuti drill yawonongeka, yangodziteteza.
- Kasipuling'i kosintha mtundu chifukwa cha kutentha, kapena kawaya kakang'ono kamkuwa koduka.
- Kaboni yomatirira m'kanyumba kake. Iyenera kutsetsereka momasuka. Fumbi losakanikirana ndi mafuta limaigwira, ndipo kungopukuta kanyumbako kumathetsa vuto.

Sinthani onse awiri nthawi imodzi, ngakhale imodzi ikuoneka yotalikirapo. Tengani yakale ngati chitsanzo kuti mupeze ofanana m'lifupi, m'kunenepa ndi polumikizira pake. Makaboni a sitata ya galimoto musawaike m'drill: ali ndi mkuwa wambiri, anapangidwira magetsi a batire. Mukaika atsopano, iyendetseni drill yopanda ntchito kwa mphindi zingapo kuti nsonga zawo zitenge mkombero wa commutator. Mukabwezeretsa akale omwewo, iliyonse ibwerere mbali yake ndiponso moyang'ana mmene inalili.

Makaboni ndi chingwe zikakhala bwino, yang'anani mawaya olowa mu swichi. Kunjenjemera kwa zaka zambiri kumawamasula.

## 3. Ikuthetheka moto wambiri

Timoto ting'onoting'ono tabuluu pansi pa makaboni n'tachibadwa kwa mota yamtunduwu. Musadandaule nato. Chodetsa nkhawa ndi moto wautali wachikasu, kapena moto wozungulira commutator yonse ngati mphete.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

- makaboni otha, othyoka kona, kapena atsopano amene sanakhazikike;
- commutator yakuda ndi mwaye wa kaboni ndi mafuta;
- beyaring'i yakumbuyo yatha, ndiye armature ikuvina ndipo makaboni akudumphadumpha;
- koyilo ya mu armature yapsa kapena yaduka.

Commutator yabwino imakhala yosalala, yamtundu wofiirira moderako. Mtundu umenewu musaupale, ndi umene umathandiza makaboni kutsetsereka. Ikakhala yakuda bii ndi yonata, ipukuteni ndi kansalu konyowetsa mu sipiriti. Zikakanika, zungulizani kachidutswa ka sandipepa wosalala kwambiri, wa 400 kapena 600, mozungulitsa armature ndi dzanja kuti ipalike mofanana mbali zonse. Nsalu ya emery ayi, chifukwa timchenga take timatha kudutsa magetsi tikatsalira m'mipata. Pomaliza tokosani timipata ta pakati pa timizere tamkuwa ndi kamtengo kosongoka, osati singano, n'kupemerera fumbi lonse.

Kenako yezani. Ikani multimeter pa ma ohm otsika, mugwire timizere tiwiri toyandikana, mupitirire choncho kuzungulira mkombero wonse. Manambala azikhala ofanana kapena oyandikana kwambiri. Pamene nambala yadumpha kapena yagwa kwambiri, koyilo ya pamenepo yawonongeka. Yezaninso pakati pa kamzere kamkuwa ndi chitsulo cha armature. Apa mita isasonyeze kulumikizana kulikonse.

Lekani ndipo pitani kwa mmisiri mukaona kamzere kamodzi kakuda kapena kodyeka kuposa tinzake, kamzere kotukuka, mawaya a armature odetsedwa ndi moto, kapena moto wa mphete umene sukutha ngakhale mwaika makaboni atsopano. Apa makaboni ena sathandiza, amangotha m'mphindi zochepa.

## 4. Ikutentha, ikununkha, kapena yachepa mphamvu

Yambani ndi biti. Biti yobuntha siidula, imangopekesa, ndiye inu mumakanikiza kwambiri, mota n'kumalemedwa. Onaninso ngati ndi biti yoyenera: ya konkire ili ndi nsonga yophwatalala yolimba ndipo siingabowole chitsulo, pamene ya HSS, yobowolera chitsulo, imabuntha msanga pa njerwa. Onetsetsaninso kuti drill siili pa rivesi. Zimachitika ngakhale kwa odziwa ntchito.

Chachiwiri ndi timabowo topumira. Fani ya drill ili pa armature pomwepo, imakoka mpweya mbali ina n'kuutulutsa mbali ina. Utuchi ndi fumbi la simenti zikatseka timabowoto, kutentha kumatsalira m'makoyilo. Tsukani ndi kabulashi kouma, mupemerere ndi mpweya pulagi itazulidwa. Musapopere mafuta ochotsa dzimbiri mkati mwa mota pofuna kutsuka. Amagwira fumbi la kaboni n'kupanga phala limene limadutsa magetsi.

Chachitatu anthu ambiri sachidziwa. Popeza fani imazungulira limodzi ndi mota, mukamayendetsa drill pang'onopang'ono pa ntchito yolemera, mota imakoka magetsi ambiri pamene fani ikupereka mpweya wochepa. Umu ndi mmene drill zambiri zimapseradi: kubowola chitsulo chokhuthala ndi biti yaikulu, kapena kutakasa penti, chala chitangodina swichi theka kwa nthawi yaitali. Ngati drill yanu ili ndi magiya awiri, ikani pa giya yotsika ndipo mudine swichi yonse. Mukamva kuti thupi la drill latentha, itulutseni m'bowo muiyendetse yopanda ntchito pa liwiro lonse kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Imazizira msanga choncho kusiyana ndi kungoigoneka pansi.

Chingwe chowonjezera chachitali komanso chowonda chimachepetsanso mphamvu yofika ku mota. Chikakhala chokulungidwa pa gudumu lake, chitambasuleni chonse, chifukwa chokulungidwa chimatentha.

Zikapitirira, ganizirani girizi wouma ndi mabeyaring'i, gawo 5.

Mawu awiri pa za fungo. Fungo la fumbi lotentha limatha mukatsuka. Fungo lakuthwa la vanishi wopsa, limene limatsalira m'drill ngakhale itazizira, limatanthauza kuti zotchinga za makoyilo zapserera. Drill yotere nthawi zina imayendabe, koma mofooka ndiponso motentha msanga. Musaigwiritsenso ntchito mpaka mmisiri aiyeze. Palinso china chimene chimaopsa anthu: drill yakale imatha kuphulika kuti phwa, kutulutsa utsi, koma n'kumayendabe. Kawirikawiri ndi kapasita kakang'ono ka pafupi ndi swichi, kamene ntchito yake ndi kuchepetsa phokoso la mota pa wailesi. Kakakalamba kamang'aluka. Kasintheni ndi kena ka mlingo womwewo kolembedwa X2, osati kapasita wamba.

## 5. Phokoso lachilendo

Zulani pulagi, muzungulitse chuck ndi dzanja, mumvetsere.

Kulira kwa khwerekhwere kutsogolo: girizi wa m'magiya wauma. Pa drill imene yakhala zaka zambiri osatsegulidwa, girizi amakankhidwira m'mbali n'kulimba ngati sopo, magiya n'kumayenda ouma. Chotsani wakale yense, tsukani magiya ndi palafini, muumitse, muike watsopano pa mano ndi pa shafiti. Musadzaze bokosi lonse, theka ndi lokwanira. Wochuluka amatentha n'kutayikira ku mota.

Kulira kosongoka ngati likhweru, makamaka mukachotsa chala mota ikamaima: beyaring'i. Igwireni ndi zala muizungulitse. Ikamamveka ngati muli mchenga, kapena ikamagwedera m'mbali, yatha. Nambala yake imalembedwa pambali, monga 607, 608 kapena 626, ndipo mukagula ya nambala yomweyo imakwana. Drill zakale kwambiri zina zili ndi bushi yamkuwa m'malo mwa beyaring'i. Imeneyo imangofuna dontho limodzi kapena awiri a mafuta opepuka a makina, ndipo samalani asafike pa commutator.

Kugogoda kobwerezabwereza: dzino la giya lathyoka. Koma musanatsegule, onani ngati simunaisiye pa hamala (gawo 7).

Mota ikulira koma chuck siikuzungulira: chosinthira magiya chaima pakati, kapena mano a kumapeto kwa armature aperepeseka. Manowa anasemedwa pa shafiti ya armature yeniyeniyo, choncho akatha pamafunika armature ina.

Mukaona mizere yonyezimira pa chitsulo cha armature, ndiye kuti yakhala ikukhuza m'mbali chifukwa cha beyaring'i yotha. Sinthani beyaring'i musanaiyatsenso, apo ayi makoyilo apsa.

## 6. Biti ikuterereka, ikuvina, kapena chuck yakana kumasuka

Biti ikamaterereka, choyamba mangani ndi kiyi m'mabowo onse atatu a chuck, osati limodzi lokha. Pukutani mafuta pa tsinde la biti. Tsinde likakhala ndi zipsera za kutererekako, lisalazeni ndi fayilo. Mano atatu a mkati mwa chuck akakhala osalala kapena limodzi latsalira kumbuyo, chuck yatha.

Biti ikamavina, igubuduzeni pa galasi kapena pa tebulo losalala. Yopindika imaonekera pomwepo. Biti ikakhala yowongoka, tsegulani chuck muchotse zinyalala, muikenso biti pakatikati. Ikamavinabe, gwirani chuck muigwedeze m'mbali: ikamasuntha pamodzi ndi shafiti, ndi beyaring'i yakutsogolo. Shafiti yopindika chifukwa drill inagwa chamutu siwongoleka pakhomo.

Chuck yogwidwa ndi dzimbiri kapena fumbi la simenti, iyang'anitseni pansi, muthire mafuta olowerera m'mano mwake, mudikire, kenako muziitsegula ndi kuitseka mpaka itafewa. Kuyang'anitsa pansiko n'kofunika kuti mafuta ndi litsiro zisalowere ku mota.

Pochotsa chuck kuti muike ina, apa ndi pamene ambiri amawononga zinthu:

1. Tsegulani mano a chuck mpaka kumapeto, musuzumire mkati. Pa drill yokhala ndi rivesi mumakhala sikuluwu pansi pake.
2. Sikuluwu imeneyi ndi yamanzere. Imamasuka mukaizungulitsa mmene umayendera muvi wa wotchi. Mukapotoza mwa masiku onse mukuimangitsa, ndipo mutu wake uperepeseka.
3. Panani kiyi wamkulu wa Allen m'chuck, mugoneke drill m'mphepete mwa tebulo, mumenye kiyiyo kamodzi mwamphamvu ndi hamala yamtengo, mosemphana ndi muvi wa wotchi mukaiyang'ana chuck chakutsogolo.
4. Werengani zolembedwa pa chuck yakale. Zambiri zimakhala 3/8-24 UNF kapena 1/2-20 UNF, ndipo kukula kwake 10 mm kapena 13 mm. Yatsopano ifanane nayo mazinga.

Drill zina zazikulu zakale zilibe mazinga, chuck inangokhomeredwa pa shafiti yosongoka. Imeneyo simasuka pozungulitsa, imafuna timphano take tochotsera.

## 7. Liwiro silikusintha, kapena hamala siikumenya

Drill ikamangoyenda pa liwiro lonse, kapena ikamayamba pokhapokha mwadina mpaka kumapeto, kachipangizo kochepetsa liwiro ka mkati mwa swichi kafa. Sinthani swichi yonse ndi ina yolingana ma ampere. Kuitsegula sikupindula kwenikweni, muli timasipuling'i ndi timipira tachitsulo tosavuta kutayika. Ikamakana kuzima mutachotsa chala, onani kabatani kotsekera ka pambali. Kakakhala bwino koma drill ikuyendabe, zulani pulagi ndipo musaigwiritse ntchito mpaka swichi itasinthidwa.

Hamala ya drill wamba ndi timbale tiwiri tamano timene timakwerana mukakanikiza biti pakhoma. Manowo akaperepeseka, kumenya kumachepa. Drill imabowolabe matabwa ndi zitsulo bwinobwino.

## 8. Ikukugwirani magetsi, kapena ikugwetsa breaker, swichi yoteteza magetsi a m'nyumba

Apa palibe zoyeserera. Ngakhale kutakhala kunyerenyetsa pang'ono chabe m'zala, zulani pulagi ndipo drill isagwirenso ntchito. Magetsi amene lero angokunyerenyetsani muli pouma mutavala nsapato, mawa mutaima ponyowa kapena pamakwerero achitsulo angathe kukuphani. Drill ndi chida chimene mumachifumbata ndi dzanja lonse, ndipo magetsi akagwira minofu ya dzanja, zala zimakana kutambasuka.

Zoyambitsa zake:

- chingwe chosupuka, kapena waya wopanidwa pakati pa zigamba ziwiri za thupi potseka;
- waya wa earth, wobiriwira ndi chikasu, waduka kapena wachoka pa pulagi kapena pa thupi lachitsulo;
- fumbi la kaboni ndi chinyezi zapanga njira kuchokera ku makaboni kupita ku chitsulo;
- zotchinga za makoyilo zawonongeka.

Chimene mungachite nokha, pulagi itazulidwa, ndi kuyang'ana chingwe chonse ndi kuyeza pakati pa phini ya earth ndi thupi lachitsulo. Mita isonyeze pansi pa ohm imodzi. Koma ngakhale mutapeza earth yoduka n'kuilumikiza, vuto silinathe. Earth yoduka payokha siibweretsa magetsi pa thupi la drill, imangolephera kuwachotsa. Pali pena pamene akutayikira, ndipo multimeter wamba, imene imayeza ndi batire laling'ono, nthawi zambiri siipaona. Mmisiri wa zamagetsi ali ndi mita yoyezera zotchinga pa 500 V. Mupatseni ameneyo.

Chimodzimodzi drill yapulasitiki yong'aluka pa chogwirira, yogwera m'madzi, kapena imene wina anailumikiza mawaya ndi tepi mkati. Ndipo ngati magetsi anakugwirani pamene mumabowola khoma, musakhudze biti kapena chuck: mwina mwalasa waya wa m'khomamo. Zimitsani magetsi a nyumba yonse kaye.

Drill yakale yachitsulo, ngakhale ili bwino, ndimailumikiza nthawi zonse kudzera pa RCD ya 30 mA, kachipangizo kamene kamadula magetsi akayamba kutayikira.

## Potseka

Yalani mawaya m'tinjira tawo monga zilili pa chithunzi chija. Zigamba ziwiri za thupi zikumane zokha popanda kukakamiza. Zikamakana, pali waya kapena beyaring'i imene siinakhale m'malo mwake, ndipo musazikoke ndi masikuluwu. Pomanga sikuluwu m'pulasitiki, yambani mwaibwezera kumbuyo pang'ono mpaka mumve kuti yagwera m'mazinga ake akale, kenako mumange.

Musanalumikize pulagi, zungulitsani chuck ndi dzanja kuti muone ngati palibe chikukhuza, ndipo onetsetsani kuti kiyi simunamusiye pa chuck. Iyatseni yopanda biti kwa mphindi ziwiri, mukusuzumira makaboni pa timabowo topumira ndi kununkhiza mpweya wotulukawo. Timoto tikakhala tating'ono, fungo palibe, ikani biti yaing'ono muyesere pa chidutswa cha thabwa.